Diresi Loyera la Chamilomo

Lamulungu, 5 Okotobala

Chamilomo walapa. Ndalemba kuti mawa ndidzawerenge, mwina ndimalota.

Abusa atangomaliza kulalikira za chisomo, zoti Mulungu salandira munthu poona ntchito zake, mayi wina anadzuka kumbuyo n'kukagwada kutsogolo. Mpango kumutu, milomo yosapaka kanthu. Ndinamudziwira mayendedwe. Yemwe uja wa saluni, amene anandilanda bambo a ana anga kwa miyezi isanu ndi itatu, ine khanda lili kumsana. Papita zaka zisanu ndi chimodzi koma sindinaiwale.

Mpingo wonse aleluya. Ine maso pa bambo. Anali kalikiliki kutsegula Baibulo ngati vesi yawathawa.

Mipingo ili mbwee m'tauni muno, bwanji wasankha wathu? Galu wamkota sakandira pachabe.

Lolemba, 6 Okotobala

Amayi busa anabwera kushopu. Obatizidwa Lamulungu likudzali alipo anayi, ndipo popeza madiresi oyera ndimasoka ndine, la Chamilomo nalonso ndisoke. Akuti wachita kupempha yekha kuti telala wake ndikhale ine. Ati: "Amayi, chisomo sichisankha." Ndati chisomo sichisankha, koma telala amasankha. Iwo anaseka, ine ayi. Mapeto ake ndavomera, amayi busa ungawakanire bwanji.

Chamilomoyo akufuna adziwe nthawi imene bambo amabwera kudzanditenga pashopu, basi. Madzi saiwala khwawa.

Lachiwiri, 7 Okotobala

Bambo ameta ndevu. Lachiwiri, m'kati mwa sabata. Ndafunsa, akuti zimayabwa.

Lachitatu, 8 Okotobala

Ndadula diresi la Chamilomo osamuyeza, thupi limenelo ndinalipenyetsetsa kale mokwanira. Atatu enawo ndawadulira nsalu yokhuthala, ndi ina yam'kati, monga mwa masiku onse. Iye ndamudulira yopyapyala ija inatsala pa makatani. Ikakhala youma imaoneka bwinobwino. Ikanyowa imamatirira pathupi, zonse poyera. Telala aliyense amadziwa zimenezi, koma amayi busa sadziwa.

Podzavuuka m'madzi mpingo udzamuone mmene alili. Si paja ankakonda kuonetsa?

Popemphera ndi ana, titafika pa "mutikhululukire" ndinatsokomola.

Lachinayi, 9 Okotobala

Mng'ono wanga anadutsa pashopu. Anagwira nsaluyo, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Achemwali, iyi si ya makatani?" Ndati asamale zake. Akuti nayenso mkaziyo sakumukhulupirira, koma ngati wabisala kumbuyo kwa Yesu, ndimugenda bwanji mwala osayamba wagunda Yesuyo? Mwana ameneyu pakamwa, kuyambira ali wamng'ono.

Bambo afunsa ngati ubatizo uyambe naini koloko. Zaka zonsezi sanafunsepo.

Lachisanu, 10 Okotobala

Chamilomo anabwera kudzayesa diresi. Ndinamuuza dala nthawi ya masana, bambo ali kuntchito. Waonda. Anagwada pakhomo pondipatsa moni, ine ndati dzukani, pansipo pali mapini.

Kuseri kwa katani diresi linakhwepa pachifuwa mbali imodzi. Ndinayesa ndalakwitsa podula. Nditati ndibaye pini, dzanja langa linakhudza kansalu kopindapinda. Bere lakumanzere palibe. Chipsera chachitali mpaka kukhwapa.

Akuti analichotsa kuchipatala chaka chatha, ndipo mumpingo palibe akudziwa, ngakhale amayi busa. Ati: "Ndinasankha inu chifukwa mumadana nane kale. Simungandimvere chisoni, chisoni chandikwana. Komanso ndinakulakwirani, mayi. Sindikuti muiwale." Kenako ati: "Chonde, likanyowa anthu asadzaone."

Mwayi wanga ndinali ndi mapini pakamwa.

Atapita ndinangokhala pamakina osapalasa. Mwina ndi nzeru zake zofuna kundifewetsa mtima. Koma munthu sangadulitse bere kuti apusitse telala. Ndikuchita manyazi, ndipo zikundipsetsa mtima kuti wondichititsa manyaziwo ndi iyeyo.

Chinanso. Akanapanda kudwala akanalapa? Ndiye kuti Mulungu amalandira ndi zotsala zomwe? Abusa amati amalandira. Wakuba uja wa pamtanda analapa moyo utatsala maola ochepa, n'kulowa pamodzi ndi anthu amene anavutika nacho Chikhristu moyo wawo wonse. Nkhani imeneyo sinandisangalatsepo.

Loweruka, 11 Okotobala

Nsalu yokhuthala yandithera, ndipo kusitolo akuti ina ifika Lachiwiri. Ndinazungulira msika wonse, yoyera yomwe ilipo ndi yopyapyala yomweyo.

Ndinabwerera kunyumba n'kutsitsa sutikesi. Diresi limene ndinabatizidwa nalo ine, losoka malemu amayi anga ndi manja, makina tisanagule. Ndimasungira mwana wanga wamkazi. Ndinaliika pabedi, ndinalibweza m'sutikesi, ndinalitulutsanso. Kenako ndinalimasula msoko ndi msoko, kusiya mpendero wokha mmene anapindira amayi. Ndalisokera m'kati mwa lake, pachifuwa kawiri, ndi kathumba kumanzere kuti kansalu kake kaja kasayandame m'madzi.

Asaganize kuti ndamukhululukira. Ntchito yotuluka m'manja mwanga siyenera kuchititsa manyazi, ndi zokhazo.

Bambo anandipeza ndikusita. Ndinawafunsa maso ndi maso ngati akumana naye mkazi uja. Ati ayi. Akuti abusa anawapempha kuti adzathandize kutsitsa anthu m'madzi, n'chifukwa chake ndevu zija, ndipo sabata yonse amaopa kundiuza. Dzulo akuti anakawakanira abusawo. Kaya ndi zoona. Ndidzawafunsa abusa mozungulira.

Lamulungu, 12 Okotobala

Bambo anakhala benchi lakumbuyo kwenikweni. Ndinaona.

Ndinapempha amayi busa kuti matawulo ndigwire ine, ndati ndikufuna ndione ngati nsalu zagwira. Anandiyang'ana ngati akufuna kunena za chisomo, ndinatembenuka msanga.

Chamilomo anali womaliza. Abusa atamumiza anavuuka akutsamwa, manja onse awiri pachifuwa. Anadziyang'ana. Diresi linali lolemera ndi madzi, loyera, losaonetsa kanthu. Anatsitsa manja pang'onopang'ono.

Pokwera masitepe a dziwe anaterereka n'kundigwira pamkono, bulawuzi yanga yonse kunyoweratu. Ndinamufunditsa tawulo. Amanjenjemera kwambiri, ndiye sindinamusiye msanga. M'chipinda chosinthira zovala anagwira mpendero wam'kati, n'kuuyang'anitsitsa.

"Msoko uwu si wa makina," anatero motsitsa mawu.

"Ndi wa amayi anga," ndinayankha. "Muzilichapa ndi manja."