Magazi a Gerald akadali pamzere

Lachinayi, Novembala 1977. Tsiku lolemera, mphepo yolowa m'mafupa.

Nditaweruka ku labu yathu yoyeza magazi a anthu omwalira, kuno kutsidya kwa nyanja, ndinakwera basi ya ku North York kukaona aNabanda, mkazi wa malemu Gerald, mnzanga amene anangogwa m'bafa mwezi watha n'kumwalira. Kumudzi abale a malemu agamula kale kuti mkaziyu anamudyetsa mankhwala, ndipo akufuna kulanda ana.

Ndinawapeza akuonera sewero lina la dokotala wa apolisi pa TV. Mkulu ameneyo amangosuzumira m'makina kamodzi, wapeza poizoni, wolakwa wagwidwa tiyi asanazizire.

"Alamu, inu mumagwira ntchito yomweyi," anatero. "Kawauzeni anzanu amene akuyeza magazi a Gerald afulumire, alembe kuti si ine."

Bokosi labodza limenelija, ndikanaliphwanya! Kwathu ku labu magazi amadikira masabata, ndipo makina amangopeza chimene wawatuma kufufuza. Nthawi zina yankho limabwera loti chomupha sichikudziwika. Kuno mawu amenewo amatseka nkhani. Kumudzi ndiwo umboni wa ufiti.

Ndinangoti, "Tidikire, alamu, zidziwika." Anandithokoza mpaka kugwada.

Mawa ndiyenera kukawauza zoona, koma ndikayambira pati, munthu wandigwadira kale...