Mabotolo Atatu a Nadine

Gulu: Akwathu (Wendell, Corinne, Russ)

LACHITATU

Corinne, 9:12: adadi, ndimakonza tabuleti yanu ija ndiye ndaona imelo. madola 2,700 mabotolo ATATU a vinyo?? inu amene mumangomwa khofi?

Corinne, 9:13: komanso bwnj a Tarn Hollow akulembera amayi? amayi anatisiya zaka zinayi zapitazo

Wendell, 9:41: Ndaona.

Corinne, 9:41: mwaona chani

Wendell, 10:05: Uthenga wako.

Russ, 10:07: kkkk asiye alamu anga iwe. mlongo wanga Nadine analembetsa dzina ku munda wa mphesa umenewo, anadikira zaka 11 pa mndandanda. vinyo wawo sumupeza m'shopu. amakulembera kamodzi pa chaka, mabotolo atatu basi. ukadumpha chaka chimodzi amakufufuta. ndipo malo sapatsirana, olo kwa mwamuna wako

Corinne, 10:08: ndiye zaka zonsezi akuyankha ndani amalume?

Wendell, 10:20: Nadine.

Corinne, 10:20: adadi.

Wendell, 10:22: Ndi zala zanga.

Corinne, 10:24: sindikuseka. mwamuna wanga anamuchotsa ntchito mu March, mazira akwera ngati golide, denga lanu likudontha kubafa. ino si nthawi yogula vinyo wa anthu olemera

Russ, 10:26: si kumwa kumeneko mwana iwe, ndi kusunga chuma. alamu ali ndi mabotolo 12 pano. tsiku lina tidzagulitsa, ine ndidzagula boti

Corinne, 10:27: inu mukulowapo bwnj pamenepo

Russ, 10:27: nzeru ndi zanga

Corinne, 10:39: ndafufuza. botolo lomwe iwo akufuna 900, anthu akugulitsana 600. olemera eniakewo akuthawa

Russ, 10:41: msika umagwa n'kudzuka. chachikulu vinyo agone cham'mbali pamalo pozizira. alamu mukusunga kuti?

Wendell, 11:02: M'galaja.

Russ, 11:02: m'galaja pati

Wendell, 11:09: Pafupi ndi thanki ya madzi otentha.

Russ, 11:09: kuno ku Lodi?? ndi dzuwa lotentha la July lija??

Wendell, 11:15: Choimirira. Pa shelefu ya penti amakwana bwino.

Russ, 11:17: [uthenga wa mawu, 0:24] mayo ine mayo! alamu mwandipha! zaka zinayi mukuphika vinyo pang'onopang'ono ngati nyemba! galu wanu amagona pa mphepo yozizira m'nyumba, vinyo wa madola mazana asanu ndi anayi ali ndi penti! boti langa lamira lisanafike pamadzi!

Wendell, 11:30: Galu amalira. Vinyo salira.

LACHINAYI

Wendell, 8:03: Vuto.

Corinne, 8:04: chani? mwagwa?

Corinne, 8:19: ADADI

Wendell, 8:44: A Tarn Hollow akufuna kulankhula ndi Nadine. Pa foni. Mawa 5 isanakwane.

Russ, 8:50: ndinanena ine. malonda avuta chaka chino, akuimbira aliyense kumunyengerera. kale ankatinyadira, pano akutigwadira. musadandaule alamu, ndiimba ine. ine ndi Nadine tinabadwa mimba imodzi, kholingo ndi limodzi

Corinne, 8:51: chonde ayi

Russ, 9:02: [uthenga wa mawu, 0:15] halooo, ndine Nadiiine, mwaswera bwanji ana anga, mundisungire atatu aja, ndangodwala chimfine pang'ono, n'chifukwa mawu akulira chonchi

Russ, 9:03: mwamva? ngati ali pompano

Corinne, 9:04: mukumveka ngati chitseko chopanda girisi

Russ, 9:05: ndinali ndisanamwe madzi

Russ, 9:11: [uthenga wa mawu, 0:12] halooo

Wendell, 9:13: Galu wathawa.

Russ, 9:15: chabwino. Corinne imba ndiwe, mawu ako ndi a mayi ako enieni. ungonena kuti inde, atatu, zkm, n'kudula

Corinne, 9:18: sindinganame ndi mawu a amayi anga amalume. ndipo kumeneko n'kuwathandiza adadi kutaya ndalama

Wendell, 9:30: Asaimbe aliyense.

Corinne, 9:33: eya. ingozisiyani adadi, 5 ikwane afufute. amayi sanalaweko n'komwe. imelo yoyamba inafika patatha miyezi iwiri titawaika m'manda. mukugulira ndani?

Corinne, 12:40: ndalankhula molakwika?

Corinne, 4:15: ndikuona kuti mwawerenga

Russ, 4:31: ndadutsa kwawo. ali bwino, akuthirira tomato. ndawapatsa moni angokweza paipi

LACHISANU

Russ, 1:10: kwatsala maola anayi. ndamwa tiyi wa uchi, kholingo lili bho

Russ, 3:02: maola awiri

Corinne, 3:03: amalume mulibe zochita?

Russ, 3:03: ndinapuma ntchito. izi ndiye zochita

Wendell, 3:48: Ndaimba.

Russ, 3:48: ndi mawu ati??

Wendell, 3:55: Anga.

Corinne, 3:55: mwanena chani

Wendell, 4:01: Zoona.

Russ, 4:01: basi tathera pompa. zaka 11 za mlongo wanga

Wendell, 4:09: Ankadziwa.

Corinne, 4:09: bwnj??

Wendell, 4:21: Wayankha ndi mayi wina, Itzel. Akuti Nadine akudikira pa mndandanda ankawalembera Khirisimasi iliyonse. Masamba awiri. Za tomato, za bondo langa, za ukwati wako. Kenako dzina litatuluka, Nadine anayamba kulemba kuti Inde. Atatu.

Russ, 4:22: kkkkkk alamu olo moni!

Wendell, 4:24: Ndinkaika dzina lake kumapeto.

Corinne, 4:25: ndiye afufuta?

Wendell, 4:30: Ayi. Akuti chaka chino ambiri akana, malamulo afewa. Atha kulemba dzina langa. Nditha kudumpha chaka osagula.

Corinne, 4:30: ZIKOMO AMBUYE. mwavomera eti

Wendell, 4:33: Ndakana.

Corinne, 4:33: mwakana chiti

Wendell, 4:35: Zonse ziwiri.

Corinne, 4:36: adadi ndikufuna kuluma foniyi

Wendell, 4:41: Ndagula limodzi. Osati atatu. Denga ndikonza. Dzina likhale la Nadine. Itzel wavomera.

Russ, 4:42: chuma chikavuta ngakhale omwalira amaloledwa kugula, dziko ili

Corinne, 4:44: komabe 900 adadi. botolo limodzi loti simudzamwa. ndiuzeni chifukwa chimodzi chokha, ndisiya

Corinne, 4:58: chimodzi chokha

Wendell, 5:16: A banki anasiya. A chipatala cha mano anasiya. A tchalitchi anasiya. Awa okha ndi amene amalembabe kuti Okondedwa Nadine.

Russ, 5:30: [uthenga wa mawu, 0:04, simukumveka mawu]

Russ, 5:31: ndadina molakwitsa

LOWERUKA

Corinne, 7:50: mawa tikubwera tonse ndi ana. titsegule limodzi la akale aja, tione chimene amayi ankadikira

Russ, 7:52: ine ndibwera ndi nyama yowotcha. vinyoyo akakhala woipa tiviikamo

Corinne, 7:53: adadi mwamva?

Wendell, 8:26: Ndamva.

Wendell, 8:40: Mubwere ndi chotsegulira. Ndilibe.