Sikelo ya Che Zakaria Sidziwa Basela

Lolemba, 7 Juni

Kuzizira koopsa. Manachesi apsa, nthambi zagwada mpaka pansi. Mitengo ya kumtsinje ndaichirikiza ndi mphanda.

Uthenga pafoni kuchokera kwa eni Msika Pafoni. Ndinauwerenga ndekha, chala chikutsogolera. Akuti kuyambira sabata ino aliyense wogulitsa pamsika wawo azitumiza katundu ndi kampani imodzi yokha, ya mabokosi. Minibasi ayi. Ndalama uziiona bokosi likafika. Wokana amuchotsa.

Amuchotsa, eti. Ine Gerishon ndinavotera nyali mu 93, ndinaima pamzere mame ali m'mapazi, kuti munthu azisankha yekha. Lero chipani chimodzi chabwerera, chalowera pafoni.

Fackson, dalaivala wa minibasi ya ku Blantyre, wandinyamulira manachesi chiyambire. Ndikakweza mmawa, madzulo mayi Ruweida akuwayala kale pasitolo yawo ku Limbe. Amayi amenewa ndiwo amatenga pafupifupi munda wonse. Kunja kwa msika wa pafoni sagula, wina anawaberapo, analumbira. Akandisiya, manachesi onsewa ndi a nkhumba.

Make Nathan akuti, "Ingomverani abambo, simufa." Ameneyu anavotera tambala, ndikudziwa ine.

Lachitatu, 9 Juni

Kuchoka kwathu ku Nsambe kupita ku Boma pa njinga yamoto, dengu kumbuyo, msana ukudandaula njira yonse.

Woimira kampani ya mabokosi kuno ndi Che Zakaria wa golosale ya pafupi ndi pokwerera. Munthu amene tinayamba kusewera naye bawo ndevu zisanatuwe. Lero ali ndi sikelo yoyaka manambala, ndi malaya a kampani pamwamba pa mkanjo.

Anandipatsa bokosi. Ndinadzaza. Sikelo inafika pa makilo ake. Kenaka ndinachita zimene munthu woleredwa amachita: manja awiri odzaza, pamwamba, basela. Sikelo kulira ngati mwanapiye. Che Zakaria kuchotsa. Ine kubwezera. Iwo kuchotsa. Anthu kudzaza pakhomo, ena kuiwala sopo amene anabwerera.

Akuti, "Achimwene, sikelo sidziwa basela. Mukapitirira ndi nachesi limodzi mulipira ngati mabokosi awiri. Komanso bokosi lizitsekeka lathyathyathya."

Lathyathyathya. Mulu wopanda mutu ndi mulu? Bambo anga ankagulitsa tirigu ku Dambe, mbale inkachoka ili ndi phiri pamwamba. Kugulitsa popanda basela ndi kuba kovala jekete.

Ndinati andipatse nambala ya mwini kampani. Anandipatsa. Anayankha mayi wa mawu okoma, akuti dinani wani, dinani thuu. Ndinamufotokozera nkhani yonse bwinobwino, kuyambira pa bambo anga. Ulemu anali nawo, sananditsutse. Mayunitsi anatha. Che Zakaria akuti ameneyo si munthu, ndi makina. Kaya. Anamvetsera kuposa anthu ena amene ndimawadziwa.

Bokosi ndalisiya lathyathyathya. Lole ya kampani ibwera mawa.

Lachinayi, 10 Juni

Mmamawa ndinathyola otsekemera a mtengo wa pachulu, kuika m'jumbo, kwa Fackson. Akapereke kwa mayi Ruweida, awauze kuti ndi basela la bokosi likubweralo. Ndalama anakana. Akuti, "Madala, ili likhala pamiyendo panga ngati mwana." Anadyapo awiri ndikuona.

Madzulo uthenga wa mawu kuchokera ku Limbe. Kuseka mpaka kutsokomola. "Agogo, basela lafika. Nanga mwini wake ali kuti? Mchira wafika ng'ombe isanaoneke."

Lole sinabwere. Akuti inafera pachitunda.

Lachiwiri, 15 Juni

Foni tsiku ndi tsiku: katundu wanu ali panjira. Njira yake iti? Loweruka ndinapita kukaona. Bokosi pansi pa shelefu ya sopo, mphaka wa Che Zakaria atagona pamwamba. Ndinawaonetsa foni. Akuti, "Sikunama, njira imayambira pompano."

Lafika lero. Chithunzi chake ndalandira. Kunsi konyowa, ntchentche zikuchita msonkhano. Mayi Ruweida akuti, "Ndinaitanitsa manachesi, mwanditumizira sobo." Ulendo uno sanaseke. Akuti wina wa ku Mwanza akuwanyengerera, kwawoko ndi pa tara, lole imadutsa daily— ayi, tsiku lililonse, mawu a Fackson andilowerera. Andipatsa sabata imodzi.

Ndinakaima m'munda. Mitengo iyi ndinabzala chaka chimene tinaika Nathan, manja anafuna chogwira. Yakula kuposa mmene iye anakulira.

Basi, zimenezo ayi.

Make Nathan akupeta nyemba, osandiyang'ana: "Poti basela ndi limene limadziwa njira, bwanji osangogulitsa basela lokhalokha?" Kunyoza. Za malonda sadziwa kanthu.

Lachitatu, 16 Juni

Ndaganiza nzeru. Ndekha.

Uthenga wawo ndauwerenganso mpaka kumchira. Akuti chimene wagulitsa chipite m'bokosi. Za mphatso sananene kalikonse. Ndiye ine ndigulitsa nachesi limodzi, pa mtengo wa thumba. Limenelo lipite ndi lole yawo, lifike pa Khirisimasi ngati likufuna. Basela lake thumba lathunthu, ndi Fackson. Basela ndi mtima wa munthu, kukula kwake sakuyezera boma.

Ndinajambula nachesi lili padzanja, kuika pamsika, pansi kulemba kuti basela likubwera.

Ndinawaimbira mayi Ruweida, kuwafotokozera nzeru yonse. Kenaka: "Agogo, inu ndi mavuto. Bola afike ali moyo."

Kwa Che Zakaria ndinapempha kabokosi kakang'ono kwambiri, kotumizira mafoni. Anaika nachesi pa sikelo ndi nkhope ya pamaliro. Sikelo inangophethira. Akuti, "Mwayamba liti kusuta?" Ndinati lembani makilo, achimwene, ntchito yanu ndi imeneyo. Anamata selotepi yambiri kuposa nachesilo.

Loweruka, 19 Juni

Zatheka. Thumba linafika Lachinayi lomwelo, manachesi ouma, onunkhira. Kabokosi kafika lero, ndalama yalowa. Mayi Ruweida akuti nachesi la m'kabokosi apatsa mlonda. Wa ku Mwanza akagulitse kwa amake.

Ndagula shuga ndi nsapato za make Nathan. Akuti zikuwathina. Kuthokoza kwawo ndi kumeneko.

Lamulungu, 27 Juni

Sindinauze munthu. Ndinangofotokozera pang'ono akuluampingo titatuluka m'tchalitchi sabata yatha, poti anafunsa za nsapato.

Lero Neno yense akudziwa. Ezekiele wa ku Dambe akugulitsa mbatatesi imodzi, basela matumba awiri. Stelia wa nkhuku anatumiza nthenga m'kabokosi, nkhuku zake zinakwera minibasi. Wina akuti wagulitsa chingwe, basela mbuzi. Golosale ya Che Zakaria yadzaza timabokosi ngati chipatala cha mapilitsi. Fackson akukweza matumba pamipando, anthu pamatumba.

Pamsika akunditcha loya. Sindiyankha, koma sindikana. Loya wosaponda pasukulu. Zilembo zanga ndinatola pa matumba a feteleza ndi m'buku la nyimbo, palibe anandimenyerapo ndi rula.

Che Zakaria akuti, "Khasu likakoma limadula phazi la mwini wake." Nsanje. Pa bawo ndimawadya, apa ndawadyanso.

Lachinayi, 1 Julayi

Dzulo foni inalira: wagula wina watsopano. Dzina sindikulidziwa. Mtima mwaa, mbiri yafika patali. Nachesi m'kabokosi, kwa Che Zakaria, kubwerera kunyumba ndikuimba.

Lero mmawa thumba kwa Fackson. Anafunsa kopita. Ndinamuonetsa foni. Anayang'ana, anavula chipewa, anakanda mutu. "Madala, uku ndi ku Mzuzu. Ine Mzuzu ndimangoimva pa wayilesi."

Dzulo ndinawerenga dzina ndi mtengo. Mzere wachitatu sindinafikeko, chisangalalo.

Kuthamanga kwa Che Zakaria kuti andibwezere kabokosi. Munthu wa zaka zanga kuthamanga pa Boma, ndodo m'khwapa. Lole ija, imene imafera pachitunda, imene mphaka amaidikira mpaka kukalamba, lero inabwera kusanache, inanyamula zonse, inapita.

Thumba ndabwerera nalo. Wa njinga yamoto walipiritsa kawiri.

Nambala ya wogula msika supereka, akuti mulankhulane mwa uthenga. Ndalemba kuti dikirani basela. Sanayankhe.

Lolemba, 5 Julayi

Kabokosi kanafika ku Mzuzu Loweruka. Kampaniyi chiyambire sinathamangepo chonchi. Ndalama inalowa yonse, ya thumba.

Chithunzi chili paliponse. Dzanja la munthu, nachesi langa pakati, mtengo wake pambali. Pansi: chenjerani ndi mdala wa ku Neno. Ena akuti mwina lili ndi golide m'kati. Ena akuti ndi la mankhwala, ukadya ukwatiwa. Mpaka mlamu wanga wa ku Joni wanditumizira, kufunsa ngati ndikumudziwa mdalayo.

Nyenyezi zanga za pamsika, zisanu, zimene makasitomala anandipatsa okha, zinayamba kuthothoka Lamulungu. Lero uthenga: tebulo lanu logulitsirapo latsekedwa.

Ezekiele ndi Stelia achotsa zithunzi zawo mwakachetechete. Pamsika palibe akunditcha loya. Wina anandifunsa mtengo wa khoko.

Mbava. Ine. Ndalama ya thumba ili m'foni mwanga, munthu wadya nachesi limodzi. Ndikaiyang'ana mbali iliyonse ikutuluka mbava.

Mayi Ruweida osayankha. Ndatumiza mawu, akuoneka kuti amva, chete. Popanda tebulo sangagule, lumbiro lawo lija. M'munda manachesi akugwa okha, phu, phu, ngati akundiwerengera milandu.

Ndikaiganiza bwino, nzeru imeneyi anaiyambitsa ndi make Nathan. Ndinawauza. Anangondipatsira madzi osamba.

Lachitatu, 7 Julayi

Dzulo madzulo foni. Mayi Ruweida, kuimba kwenikweni, osati mawu ojambula. Ndinaimirira poyankha, sindikudziwa chifukwa chake.

Akuti chithunzi anachiona, ana awo anaseka mpaka wina anatsamwa tiyi. Akuti anakhala masiku akuganiza. "Munthu wothamangitsa basela pa minibasi katundu asanafike, ameneyo kuba sangathe, angathe kupusa kokha." Agula kunja kwa msika, ndalama molunjika pafoni yanga, lumbiro aliphwanya chifukwa cha ine ndekha. Koma choyamba wa ku Mzuzu alandire thumba lake, aone umboni. Apo ayi, wa ku Mwanza akadali ndi nambala yawo.

Kupusa kokha. Ndazisunga, tidzakambirana manachesi akatha.

Njira ya ku Mzuzu ndi imodzi. Mabokosi. A kampani yomweyo, sikelo yomweyo, kulipira ndekha.

Lero mmamawa ndinathyola obiriwira, olimba ngati maondo a mbuzi. Akafika ku Mzuzu adzakhala atapsa, kapena atakalamba.

Ndinalowa m'golosale anthu asanachuluke. Ndinayembekeza mwambi wa khasu. Che Zakaria anangothamangitsa mphaka pa sikelo. Bokosi loyamba, lathyathyathya. Lachiwiri, lathyathyathya. Ine manja kumbuyo, ndawagwira kuti asachite zawo. Lomaliza anayeza, analemba makilo, anamata kapepala pambali. Pamwamba osatseka. M'dengu munatsala ena.

Anayang'ana kunja. Akuti, "Nthawi ya swala yakwana, achimwene. Tsekani nokha." Anandisiyira selotepi.

Dzuwa linali lisanafike ndi pamutu pomwe. Zaka zonsezi ndimadziwa nthawi imene munthuyu amapemphera.

Manja awiri odzaza. Ndi ena awiri, poti wa ku Mzuzu wadikira. Ndinadina ndi bondo. Linatsekeka, koma lili ndi pakati.

Atabwera anayang'ana bokosi, anayang'ana ine. Akuti, "Manachesi a ku Nsambe amatupa okha m'bokosi, eti." Ndinati ndi kuzizira. Anawonjeza selotepi, kuliika pansi pa mabokosi ena, kulijambula, kutumiza chithunzi ku Limbe ndi foni yawo.

Yankho linabwera ndisanafike pokwerera. Matumba onse amene Fackson angathe, mawa.

Makwerero ali kwa Ezekiele, anabwereka nthawi ya uloya wanga. Make Nathan akuti ndisakwere mtengo, ndakalamba. Iwo agwire dengu basi.