Mwendo wa Amayi Wapezetsa Yosefe Basale

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wanga ndi manja awiri. Muli bwanji ku Wanki kumeneko? Kuno ku Madzimoyo tili bwino, koma mwendo wa amayi ukadali wotupa. Adokotala akuti magazi aja anaundana mumtsempha sanasungunuke.

Nkhani ndi iyi: a mishoni am'patsa mng'ono wanu Yosefe basale yokaphunzira udokotala, makamaka za matenda omwewa. Lamulungu potsazika kutchalitchi anaimirira atavala jekete, n'kunena kuti, "Ndikaona mwendo wa amayi anga, tulo sindipeza." Azimayi nthungululu kuti lululu!

Achimwene, Yosefeyo mwendowo anaugwirapo liti? Wousambitsa ndine, wouika pamtsamiro ndine. Sitandade sikisi ndinam'posa, inu ndinu mboni, koma abambo anati mwana wamkazi akhale pafupi ndi amayi ake. Tsikulo yanga inali yosita jeketeyo ndi kuthirira alendo tiyi.

Chonde tumizani nsapato zazikulu za amayi, zakale sizikulowa. Mulungu akusungeni kumigodiko. Muzim'pempherera Yosefe kuti akaphunzire, adzachiritse amayi. Ine ndayesa, koma ndikangofika pa dzina lake, ndimangoti Ameni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati