Salamu Yomwe Sindinayankhe

Liwaladzi, Nkhotakota
12 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene Ramadhani,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ine ndabwera kutchuthi, koma mtima suli m'malo. Pa foni ndimangoti "tili bwino" chifukwa amayi amakhala pafupi, ndiye ndati ndilembe.

Mukukumbuka ndinakuuzani monyada kuti ku yunivesite anandisankha kuyang'anira chipinda chapamwamba mu laibulale, momwe munthu saloledwa ngakhale kunong'ona? Ndinali wosanyengerera, achimwene. Foni ikangolira, mwini wake panja. Anzanga mpaka ananditcha Mayi Shii.

Mu Juni, mayeso ali pafupi, ababa anabwera osandiuza, atanyamula mpunga ndi utaka wouma. Mlonda anawalozera masitepe. Mawu a ababa mukuwadziwa, aja oitana bwato lili pakati pa nyanja. Anaima pakhomo, kofia kumutu, thumba paphewa, n'kukuwa kuti, "Asalamu alaikumu! Safiya mwananga ali muno?"

Chipinda chonse chinadzutsa mitu. Wina anaseka. Ine manyazi anandigwira, ndipo ndinachita zomwe ndimachita ndi aliyense: chala pamlomo, n'kuwalozera chikwangwani choletsa phokoso. Salamu sindinayankhe. Ababa anachiyang'ana chikwangwanicho nthawi yaitali, chikhalirecho Chingerezi sawerenga. Kenako anavula nsapato ngati ali mumzikiti, n'kutsika masitepe monyang'ama. Pomwe ndimatuluka n'kuti thumba atasiyira mlonda, iwo atapita kudepoti.

Ndinkaganiza kuti ndikafika kuno andikalipira. Bola akanatero! Nkhaniyi ababa sanauze ngakhale amayi. M'malo mwake nyumba yonse aisandutsa laibulale. Ndikangotsegula buku, wailesi azimitsa, nkhuku azipirikitsira kuseri. Dzulo bambo Maganizo, mnzawo wa bawo uja, anafika akuodira mokweza. Ababa anawathamangira kumpanda, chala pamlomo: "Pepani anzanga, muno muli ophunzira. Ife phokoso lathu n'la kunyanja." Sankandinyogodola ayi, ankanena ndi mtima wonse, ndipo n'zimene zikundipweteka.

Ndapepesa kawiri. Akungoti, "Unkagwira ntchito yako, mwananga." M'mawa uliwonse ndimawapatsa salamu mokweza, iwo amangogwedeza milomo.

Chonde achimwene, inu amakumverani. Aimbireni Lachisanu akabwera kuchokera kumapemphero a Juma. Za kalatayi musatchule. Ingowaputani za ukonde munawang'ambira uja, mpaka akukalipireni mudzi wonse umve ngati kale. Ndatsala ndi masabata awiri, ndipo sindikufuna kuchoka ndisanamvenso mawu awo.

Amayi akupereka moni, akuti kuzizira kwa kumeneko musamakuderere. Ababa nawonso ndawaitana pompano kuti anene mawu oti ndikulembereni. Aona cholembera m'manja mwanga, abwerera chambuyo mpaka pakhomo, n'kunong'ona kuti, "Maliza kaye sukuluyo, ndisakusokoneze."

Ndine mlongo wanu,
Safiya