Fayilo ya Bambo M'dilowa Yanga

Lachinayi, 14 Malichi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti Ambuye akukusungani pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima sukukhala pansi. Ndikulemba pa nthawi yopuma masana, patebulo langa lolandirira odwala, chifukwa pafoni mumafunsa molunjika ndipo ine kunama kumandivuta.

Ntchito yanga pakachipatala kano mukuidziwa. Adokotala akaona wodwala amalemba matenda ake m'manambala, ine n'kuwalowetsa m'kompyuta ndi kutumiza kukampani ya inshuwalansi kuti ilipire. Tsiku loyamba ndinasaina pepala lolonjeza kuti zimene ndaona muno sindidzauza munthu, ngakhale wobadwa naye bere limodzi. Palinso lamulo lakuti fayilo ya wachibale suigwira, umapatsa anamwino.

Lolemba ananditumiza kukatenga mankhwala. Pobwera ndinapeza mafayilo asanu ndi awiri, ndipo yachinayi inali ya Bambo. Anadikira dala kuti ndichoke, n'kubwera ndi khadi lija munawalembetsera pa inshuwalansi ya kuntchito kwanu. Achimwene, ndikuulula: sindinaipereke kwa anamwino. Ndinaitsegula. Manambala amenewa ndawalemba zaka zinayi, ndimawawerenga ngati dzina langa. Ndinalowa m'chipinda chosungira mankhwala n'kugwada pakati pa makatoni, koma pemphero silinatuluke.

Nditaweruka ndinapeza Bambo kunyumba ali pamakina awo osokera, akupinda diresi la mwana wa aneba. Sanadzutse mutu.

"Amayi, mwaiona eti?" Mukudziwa kuti amanditchula choncho akafuna kanthu.

"Ndaiona, Bambo."

"Ndiye wakuba ndiwe, ine ndangodwala chabe." Anaseka okha, kenako anaimitsa makina. "Kompyuta yakoyo ikatumiza, mkulu wako amamva?"

Ndinawauza zoona, kuti mwini khadi amalandira uthenga pafoni wosonyeza tsiku, chipatala ndi zimene zayezedwa.

"Ndiye lemba kuti n'chifuwa wamba. Zala n'zako. Mnyamatayo angomukweza kumene, asayambe kupempha tchuthi chifukwa cha nkhalamba."

Fayiloyo inagona m'dilowa yanga pansi pa Baibulo. Osintha anali manambala awiri okha. Lachiwiri ndinawalemba, ndinafufuta, ndinalembanso, ndinafufutanso, mpaka mayi wina wodikira anandifunsa ngati kompyuta yafa. Ndikanama, ndiye kuti ndanamiza kampani m'dzina la adokotala, munthu amene ananditenga ndili ndi setifiketi ya kusekondale yokha. Komanso kampani singalipire zoyeza zotsatira, chifukwa wa chifuwa wamba satumizidwa kumene Bambo akutumizidwa. Taonani, ndayamba kale kulankhula zambiri.

Dzulo adokotala anaima patebulo langa. "Mafayilo a Lolemba anali asanu ndi awiri. Amene apita ndi asanu ndi imodzi."

Ndinawauza zonse. Sanakalipe, ndipo kukalipa kukanakhalako bwino. Anati, "Unaitsegula ngati mwana wawo, tsopano tseka pakamwa ngati wantchito wanga. Wouza abale ndi mwini matenda. Ukadzachitanso, makiyi udzasiye pamenepo."

Lero m'mawa anamwino atumiza fayiloyo ndi manambala ake enieni, ine nditaima kumbuyo kwawo manja ali m'thumba. Choncho uthenga ukupezani, mwina kalata ino isanafike. Chonde musandiimbire kundifunsa tanthauzo lake. Funsani Bambo, ndipo akayamba nthabwala musaseke nawo msanga. Ndawerenga kalatayi kawiri kufunafuna dzina la matendawo, mulibe. Ngati ngakhale izi ndalumpha nazo malire, Mulungu aone mtima wanga, poti ine sindikudziwanso pamene lonjezo limathera ndi pamene ubale umayambira.

Zina zonse zili bwino. Denga la kukhitchini tinakonza, ndipo kutchalitchi andiika m'kwaya ngakhale mawu anga mukuwadziwa. Bambo sakundilankhula kwenikweni chiwauzireni kuti manambala aja sindinawasinthe, koma madzi osamba amandisiyirabe pamoto. Sabata yatha anaboola lamba wawo bowo lina.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo amawatchula m'pemphero tsiku lililonse. Bambonso akupereka moni. Atulutsa suti yanu ija anaisiya theka chaka chatha, ndipo akuisoka mothamanga, ntchito za makasitomala ataunjika pambali. Akuti miyezo yanu ali nayo pamtima, musavutike kubwera kudzayesa.

Ine ndaona chithunzi munatumiza chija. Mwanenepa, Achimwene. Bwerani mudzayese, mwezi uno.

Ndine mlongo wanu wokukondani mwa Ambuye,

Mzime wa m'nyumba mwathu