Ndege Yodutsa Pamwamba pa Njuli

Wokondedwa mwana wanga Esinati,

Ndikhulupirira uli bwino ku Mangalandeko. Kuno tadzuka.

Dzulo tikupalira nandolo, ndege inadutsa pamwamba pa Njuli n'kusiya mzere woyera. Ndinakumbukira mapu a pakompyuta amene umapanga kuntchito aja, olosera kumene matenda akatsikire akakwera ndege limodzi ndi anthu. Ndinaima khasu lili m'manja mpaka mzerewo unasungunuka, ndikukuona m'maganizo utakhala pawindo, ukufunafuna denga lathu.

Abambo ako anati, "Esinati sali mmenemo. Mapu akewo akumuletsa, akuopa kutibweretsera chifuwa chachilendo chabuka kumeneko chija."

Takumvetsa, mwanawe, sitinakwiye. Koma mapuwo akadzangolola, usadikire Khirisimasi. Masiku ano abambo ako amalima pang'ono n'kukhala pansi.

Mulungu akusunge.

Ndine amayi ako